Mpanda Woti Nkhungu Auone

Tsiku limene Nkhungu anathyolanso mpanda n'kukaima pakati pa msewu, Namantha anamva mabuleki a lole ali m'khitchini akutsuka makapu. Analira nthawi yaitali mabulekiwo, ndipo iye anaima ndi kapu m'manja kudikira phokoso lija limabwera pambuyo pa kulira kotero. Silinabwere. Kunamveka hutala, kenaka mawu a mwamuna akutukwana ndi mtima wake wonse.

Nkhungu inali hatchi ya bambo ake: yaikazi, yotuwa, yokalamba koma yosauzidwa kuti yakalamba. Namantha atafika kumsewu, wopanda nsapato, anaipeza ikununkhiza mzere woyera wa pa phula ngati msewuwo ndi wake. Lole inali itapingasa, ndipo mayi wina wa njinga ankadzuka m'ngalande, katundu wake ali mbwee. Palibe anafa. Koma wapolisi amene anabwera pambuyo pake anakana ngakhale mpando.

"Mayi, ikadzatulukanso sitidzabwera ndi chingwe ayi. Mwandimva?"

"Ndamva, bwana."

Anamvadi. Anadziwanso chimene wapolisiyo sankadziwa, kuti chipolopolo cholasa hatchi imeneyo chidzagwetsa awiri.

Bambo ake anathera moyo wawo wonse m'makola a mahatchi a anthu ena. Anayamba ndi kuchotsa ndowe, anamaliza ali woyang'anira khola lonse. Makolawo atatsekedwa anabwera kunyumba akukoka Nkhungu pa chingwe, namumangira mpanda wa matabwa kuseri kwa nyumba, n'kuupaka penti yoyera monga zinalili kuntchito. Nthawi imeneyo kuseriko kunali tchire. Kenaka tauni inakula n'kuwapeza, msewu unathiridwa phula, chiswe nacho chinalowa m'mapolo n'kuyamba ntchito yake mosauza munthu. Hatchi ikangotsamira pang'ono, thabwa linkagonja.

Chiswe china chinalowa m'mutu mwa bambowo. Anayamba ndi kuiwala pamene aika chipewa, kenaka masiku, kenaka maina. Mwana wawo wamkazi, amene anasiya nyumba yake ya lendi n'kubwera ndi makina ake osokera kudzawasamala, ankamutcha "mayi", mwaulemu wonse, ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Izi zinkamupweteka kuposa momwe ankavomerera. Pajatu dzina loti Namantha anamupatsa ndi iwo omwewo. Ali wamng'ono ankaopa mahatchi moti chingwe chinkavina m'manja mwake, ndipo bambo ake ankaika manja awo aakulu pamwamba pa ake n'kuseka kuti, "Manja ako akunjenjemera, Namantha. Hatchi imamva mantha kudzera m'chingwe." Dzinalo linamukakamira mpaka amayi obwera kudzasoketsa madiresi ankamuitana nalo osadziwa kumene linachokera. Amene analitaya ndi mwini wake yekha.

Dzina limodzi lokha silinachoke, la hatchi. M'mawa uliwonse akamwa tiyi ankavala chipewa, kupita kumpanda, kutsamiza chifuwa ndi mikono yonse pa thabwa lapamwamba, n'kuliza lilime. Nkhungu ankabwera ndithu, kudzaika chibwano pa phewa lawo. Kale sankathera pamenepo. Ankawerama n'kudutsa pakati pa matabwa, chifukwa, mwa kunena kwawo, munthu wa mahatchi salowera pachipata. Chipata n'cha alendo ndi wilibala. Koma chichokereni kuchipatala anali asanawerameponso.

M'chifuwa chimene ankatsamizacho munali kamakina. Madokotala anakaika pansi pa khungu, chakumanzere, kuti kaziuza mtima nthawi yogunda. Namantha akamawaveka malaya ankakamva ndi zala, kolimba ngati kabokosi ka machesi. Tsiku lowatulutsa, dokotala anamutchulira zinthu zoti bambowo asaziyandikire. Anatchula makina owotcherera zitsulo, anatchula zina zimene Namantha anaziiwala, ndipo anatchula mpanda wamagetsi. Apo Namantha anaseka, poti nyumba yawo inalibe kanthu koti wakuba n'kulumphira khoma.

Tsono mlongo wake wamng'ono, wa ntchito zamagetsi, amene anzake ankamutcha Shoko, atamva za lole anabwera pa njinga yamoto n'kudzatchula chinthu chomwecho.

"Palibenso china, achemwali. Matabwa atsopano chiswe chidya, ndipo hatchiyi yaphunzira kale kuti thabwa limagonja. Chofunika n'chakuti iziopa."

"Nanga kamakina ka bambo?"

"Tiona. Tiyeni kaye tikaone katundu."

"Tiona" Shoko anali naye wambiri, ndipo ankamugawa kwaulere.

Sitolo ya zaulimi inali yamdima, yonunkha mphira ndi mankhwala a nkhupakupa. Kumapeto kwake kunali khoma lathunthu la mipukutu ya mawaya, ndipo pansi pa khomalo panali mayi wogulitsa, magalasi ali lende pa kachingwe ka m'khosi. Shoko sanadikire kufunsidwa. Analunjika pa waya woonda, wonyezimira, namugwedeza monyadira ngati anamupanga yekha.

"Uyu ndi amene ndimaika pa makoma a mabwana. Saduka, sachita dzimbiri, ndipo wakuba akamugwira amakumbukira dzina la agogo ake."

"Wakuba wanuyo ali ndi miyendo ingati?" anafunsa mayiyo.

"Ndi hatchi," anatero Namantha.

"Ndiye ameneyo musiyeni. Hatchi simuona waya wotere. Ng'ombe imayenda pang'onopang'ono, imagunda, imabwerera. Hatchi ikadzidzimuka imathamanga kaye, kuganiza n'kwa pambuyo. Ikamulowa ili pa liwiro, iye saduka, monga mwanenera. Chimaduka n'china." Anawerama n'kudzigwira kuseri kwa mwendo. "Bambo wina anabwera muno kudzafuna mankhwala a bala, n'kundionetsa pa foni. Sindinadye tsiku limenelo."

Shoko anasiya wayayo mwakachetechete. Iyenso anakulira m'fungo la mahatchi, ndipo sanafune kumva zambiri.

Waya waminga mayiyo sanalole ngakhale kuti amutchule. Anatulutsa chingwe cholukidwa, chokhala ndi tiwaya tonyezimira m'kati, nati chimenecho n'chabwinoko, mphepo siichivutitsa, koma hatchi ya maso okalamba ingachione mochedwa. "Yanuyo imaona bwino?" Namantha anakumbukira kamtambo kamene kanayamba m'diso lamanzere la Nkhungu, napukusa mutu. Pamenepo mayiyo anakwera pa kampando, natsitsa mpukutu waukulu, n'kuutambasula pa kauntala.

Anali lamba. Woyera mbee, wotambalala ngati zala zitatu za munthu wamkulu, ndipo m'litali mwake munadutsa tiwaya tating'onoting'ono.

"Uyu amaoneka patali, ngakhale kuli chisisira," anatero mayiyo. "Hatchi imamuona ngati thabwa."

Namantha anayang'ana lambayo. Ngati thabwa. Anauona m'maganizo mzere woyerawo utatambasuka kuseri kwa nyumba, pa msinkhu wa chifuwa, ndipo anaona chipewa chikuyenda kulunjika komweko. Chimene chikanapulumutsa hatchi n'chomwecho chikanaitana bambo ake. Waya wosaoneka uja sakanawaitana, koma akanadula Nkhungu. Ndipo onse awiri, waya ndi lamba, anali oyenda moto wa magetsi m'kati.

"Mayi," anatero Namantha, "munthu wa kamakina ka mumtima atagwira, chingachitike n'chiyani?"

Wogulitsayo anavala magalasi namuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatenga bokosi la makina otumiza moto mu lamba, nalitembenuza, n'kuloza kachithunzi ka mtima kodulidwa ndi mzere wofiira.

"Ine ndimagulitsa za ziweto, mayi. Munthu wabwinobwino amangodumpha n'kutukwana. Za winayo sindidziwa, ndipo sindikufuna kudzadziwira pa katundu wanga."

Shoko anakanda m'mutu, kenaka anayamba kujambula ndi chala m'fumbi la pa kauntala.

"Mipanda iwiri, achemwali. Matabwa a mbali ya kunyumba tikonza, akhale a bambo, azitsamira momwe akufunira. Lamba tiika m'kati, patali ndithu, poti ngakhale atatambasula mkono safika. Chipata tikhoma loko. M'mawa akamapita kukaona hatchi, inu muzizimitsa makina. Basi."

"Koma nthawi zina zonse azikhala oyaka," anawonjezera mayiyo. "Makamaka masiku oyambawa. Ikangozindikira kuti lamba nthawi zina amagona, mwataya zonse."

"Nanga akadutsa pakati pa matabwa?" anafunsa Namantha.

"Ndi msana uja? Achemwali, zingwe za nsapato zomwe mumawamanga ndinu."

Zinali zoona. Namantha anafunafuna bowo m'mawu a mlongo wake osalipeza, koma mtima unakanabe kukhala pansi. Walira mvula walira matope, ndipo iye anali atalira mpanda. Anagula lamba, tizogwirira tapulasitiki tokhomera pa mapolo kuti moto usathawire m'mitengo, ndodo zachitsulo zokhomera m'dothi, ndi makina aja. Pobwerera anakhala kumbuyo kwa njinga atakumbatira bokosi, kachithunzi ka mtima atakatembenuzira kumimba kuti asakaone.

Tinene zoona, ntchito yake Shoko ankaidziwa. Anakumba maenje, anakhoma mapolo, anakoka lamba mizere iwiri kuzungulira bwalo lonse la hatchi mpaka anaima njii. Bambo awo ankatsamira pa matabwa awo atsopano n'kumalamula ngati ali kukhola kuja.

"Mnyamata! Polo limenelo lapendama."

"Chabwino, bwana," ankayankha Shoko, n'kupukuta nkhope ndi mkono nthawi yaitali kuposa momwe thukuta linkafunira.

Makina anawapachika m'kashedi kosungira udzu wouma, pafupi ndi nyumba. Atawayatsa anayamba kugunda, thi, kenaka kachete, thi, kenaka kachete, mosafulumira, mosatopa. Namantha anadana nako kugunda kumeneko kuyambira pomwepo, chifukwa kunkafanana ndi chimene ankamva akaika khutu pa chifuwa cha bambo ake.

Poyesa mpanda, Shoko anatenga chitsulo chachitali chokumbira maenje, nachizika m'dothi, n'kuchitsamiza pa lamba. Panathetheka kamoto. Anaonetsa mlongo wake kachipangizo kake koyezera, mmene manambala anagwera.

"Mwaona? Moto ndi waulesi, umakonda njira yachidule. Chitsulo chikakhudza lamba uku chili m'dothi, umathawira pansi. Ndiye musamasiye makasu kapena wilibala atatsamira apa. Mpanda umafa."

"Umafa wonse?"

"Wambiri. Osati muziyesa ndi lilime."

Kenaka anamasula Nkhungu. Hatchiyo inayenda mwachifatse kupita ku chinthu chatsopanocho, inatambasula khosi, inafikitsa mphuno. Kunamveka ngati kamtengo kouma kathyoka. Nkhungu anadumpha chammbuyo, anathamanga kuzungulira bwalo, nakaima pakati penipeni, khungu lonse likunthunthumira. Shoko anaomba m'manja kuti yaphunzira. Namantha sanaombe. Anatembenuka n'kuyang'ana pakhonde, pamene bambo ake ankaodzera pa mpando, dzanja lili pa chifuwa.

M'mawa mwake anazimitsa makina, anatuluka m'shedi, anabwereranso kukaonetsetsa, ndipo pokhapo anaperekeza bambo ake kumpanda. Iwo anatsamira pa thabwa n'kuliza lilime. Nkhungu anadzutsa mutu, anayenda pang'ono, n'kuima patali ndi lamba, makutu ali tcheru. Bambowo analizanso. Analiza mpaka m'kamwa munauma.

"Nkhungu! Nkhungu, ndine!"

Hatchi inapalasa pansi ndi phazi, koma sinasunthe. Anthu onse aja a m'sitolo, ndi nzeru zawo za pa kauntala, palibe anaganiza kuti hatchi yophunzira kuopa lamba idzaopanso njira yopita kwa mwini wake.

Bambowo anatembenukira kwa Namantha. "Mayi, Nkhungu wandiiwala."

"Sanakuiwaleni, bambo. Azolowera."

Tsiku limenelo chakudya anangochiyang'ana. M'mawa wotsatira zinali chimodzimodzi, ndipo wotsatiranso. Munthu amene anaiwala ana ake omwe analephera kupirira kuiwalidwa ndi hatchi. Ankakhala pakhonde chipewa chili pa bondo, maso ali kubwalo, ndipo Namantha, akupalasa makina ake osokera pafupi ndi zenera, ankasoka mzere umodzi n'kudzutsa mutu, mzere wina n'kudzutsanso, moti diresi la mayi wina linatuluka ndi mkono wopindika. Khutu lina linali kumsewu kumvetsera mabuleki, lina kushedi kumvetsera thi uja. Mantha a msewu anali atachepa, inde, koma amene analowa m'malo mwake ankagona m'nyumba momwemo.

Anamuimbira Shoko. "Iwe, izi sizikuyenda. Bambo sakudya."

"Ndibwera masana, achemwali. Mwina tisuntha lamba pamalo amenewo, timange matabwa okhaokha. Tiona."

Dzuwa lili pamutu kunagwa mvula yamphamvu, yachidule. Itakata, Namantha anaona pazenera kuti polo la pangodya ya kumsewu lapendama, ndipo lamba walendewera. Ngodya imeneyo ndi imene Nkhungu ankatulukira. Anayang'ana bambo ake: anali m'tulo pa mpando wawo, pakamwa pali yasa, mkonono ukumveka bwinobwino. Anaganiza zozimitsa makina, kenaka anakumbukira mawu a mayi wa m'sitolo ndi a wapolisi, nawasiya oyaka. M'mawa unali utadutsa kale, ndipo bambo ankapita kumpanda m'mawa. Anatenga chitsulo chokumbira chija, nazungulira kunja kwa lamba kupita kungodya, matope akumeza masilipasi mpaka anawasiya panjira.

Anali akusindira dothi m'munsi mwa polo pamene anamva lilime likulira.

Anadzutsa mutu. Bambo ake anali pa matabwa, chipewa chili kumutu. Kunja kunali kotsukidwa ndi mvula, udzu ukunyezimira, mbalame zikuimba, ndipo munthu wongodzuka kumene akanalumbira kuti kwacha. Kwa bambowo m'mawa unkabwera nthawi iliyonse imene atsegula maso, ndipo Namantha anazidziwa zimenezi kalekale, kungoti sanaziike pamodzi ndi lamba.

Analizanso lilime. Nkhungu anaima pakati pa bwalo, akuyang'ana, osasuntha. Pamenepo bambowo anaika dzanja pa thabwa lapamwamba, nakankhira chipewa kumbuyo, n'kuwerama. Msana uja, umene sunkafika pa nsapato, unapindika ngati wa munthu wa ntchito. Mwendo unadutsa, phewa linadutsa. Apa m'pamene Namantha anamvetsa, mochedwa, kuti sanasiye kuwerama chifukwa cha msana. Anasiya chifukwa hatchi inkabwera yokha.

"Bambo! Imani! Bambo!"

Kumbuyo kwake mumsewu munkadutsa lole, ndipo inameza mawu onsewo. Shedi inali kutali, kuseri kwa bambowo. Kuti awafikire anayenera kuzungulira ngodya m'matope, pamene iwo anatsala ndi kamtunda kosakwana m'litali mwa khonde. Ankayenda molunjika, mikono itayamba kale kukwera kukonzekera kutsamira pa thabwa loyera limene ankaliona patsogolo pawo.

Namantha sanaganize. Anakweza chitsulo ndi manja onse, nachibaya m'matope, n'kuchikankhira pa lamba.

Moto woyamba unamupeza chitsulo chisanalowe bwino. Unadutsa m'manja onyowa n'kumumenya m'zigongono, mano anagundana, ndipo anamva mawu ake akutuluka okha. Manja anafuna kutaya. Anawakaniza. Anatsamira ndi thupi lonse mpaka chitsulo chinamira, ndipo moto wachiwiri unabwera wochepa, ukuluma ngati linthumbu m'zikhatho. Pamene chitsulo chinkakhudza lamba pankathetheka, thi, kenaka kachete.

Umafa wonse? Wambiri.

Bambo ake anafika. Anaika mikono yonse pa lamba, kenaka chifuwa, chakumanzere komwe.

Thi.

Anali chiimire.

Thi.

Chipewa chinali pomwepo, sichinagwe. Namantha anazindikira kuti sakupuma, koma anaopa kupuma, ngati mpweya wake ukanagwedeza chitsulo. Lamba anatamuka pansi pa kulemera kwa bambowo n'kuyamba kuthawa pa chitsulo, ndipo iye anamutsatira, akukanikiza, mapazi akuterereka. Sankadziwa ngati moto wotsalawo unali wochepa mokwanira. Sankadziwa ngati kamakina kakaima munthu amagwa pomwepo kapena amayamba wayenda. Chimene ankadziwa n'chakuti akangosiya, thi wotsatira apita wathunthu.

"Thabwa lanji lofewa chonchi?" anamva bambo ake akung'ung'udza. "Anyamata a masiku ano."

Anakweza lamba ndi dzanja, nawerama, lambayo akuwasisita pamsana kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, n'kulowa m'bwalo. Nkhungu anapumira m'mphuno, anabwera, naika chibwano pa phewa lawo. Namantha anawamva akuseka, kuseka kumene kunali kutasowa m'nyumbamo masiku onsewa, ndipo misozi inayamba kutsika yokha popanda dzanja loipukuta.

Anaganiza zosiya chitsulo n'kuthamangira kushedi. Anali atayamba kumasula chala pamene bambowo anatembenuka, dzanja lina litagwira ubweya wa pakhosi pa hatchi, n'kubwerera ku lamba. Nkhungu anakana kuyandikira, koma iwo anamusiya, naika dzanja pa lamba, n'kuyamba kuyenda akumusisita. Ndi mmene ankayenderera mipanda kukhola kuja, dzanja likufufuza misomali yotuluka. Ankabwera molunjika kungodya, pang'onopang'ono, akuima pa polo lililonse kuligwedeza, hatchi ikuwatsatira chapatali. Namantha anakanikiza chitsulo. Mikono inali itachita dzanzi, ndipo kuluma kuja kunkabwerabe m'zikhatho nthawi yake ikakwana.

"Bambo, chotsani dzanja pamenepo," anatero mofatsa, poopa kudzidzimutsa hatchi imene inali kumbuyo kwawo. "Chonde, bambo."

Sanamumve, kapena sanaone kuti mlendo ali ndi mawu pa mpanda wawo. Anafika mpaka pamaso pake, lamba yekha ali pakati pawo. Anayang'ana chitsulo, anayang'ana matope a m'miyendo mwake, kenaka maso awo anaima pa manja ake. Anawayang'ana nthawi yaitali. Nkhope yawo inayamba kusintha, makwinya a pamphumi anamasuka, ndipo m'maso munabwera munthu amene Namantha anali atasiya kumuyembekezera.

"Manja ako akunjenjemera, Namantha," anatero akumwetulira. "Hatchi imamva mantha."

Anasiya lamba, natambasula manja awo onse awiri, aakulu aja, kuti awaike pamwamba pa ake.

Moto unaluma m'zikhatho nthawi yomweyo.

"Musandigwire!"

Anakuwa ndi mphamvu zonse, mawu amene sanawalankhulepo kwa bambo ake chibadwire. Nkhungu anadumpha n'kuthawira pakati pa bwalo. Manja a bambowo anaima m'malere, pafupi kwambiri moti anamva kutentha kwake, kenaka anabwerera pang'onopang'ono.

"Musandigwire, bambo, chonde, imani pomwepo, musagwire chilichonse!"

Chakunyumba kunamveka njinga yamoto ikuima.

"Shoko! Zimitsa! Zimitsa makina!"

Anamva njinga ikugwa, mapazi akuthamanga, chitseko cha shedi chikumenya khoma. Pa chitsulo panathethekanso kamodzi. Anadikira wina. Sanabwere. Anadikirabe, osakhulupirira, mpaka Shoko anakuwa kuti wazimitsa, wazula ndi waya yemwe.

Chitsulo chinagwera m'matope. Zala zake zinakana kuwongoka, koma anatambasula manja choncho, pamwamba pa lamba wakufayo.

"Bambo, gwirani tsopano. Ndi ine. Gwirani."

Bambo ake anali amoyo, ataima bwinobwino pa miyendo yawo, chifuwa chikukwera n'kutsika. Anavula chipewa, nachigwira pa chifuwapo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, mwaulemu.

"Pepani, mayi. Sindimafuna kukuopsezani." Anayang'ana uku ndi uku, kubwalo, kumsewu, kuseri kwa Namantha. "Mwana wanga simunamuoneko? Anali pompano. Amaopa mahatchi ameneyo, sayenera kukhala yekha."

Mumsewu munadutsa lole ina. Namantha anasiya manja ake ali chitambasulire pamwamba pa lamba, akunjenjemera, kuti mwina awayang'anenso.